Chingerezi cha Ankhazi

Mlamu wanga, mlongo wamkulu wa amuna anga, anali mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito, koma ngakhale anapuma, sukulu sinawachoke m'kamwa. Ankakhala ku Katawa, mu mzinda wa Mzuzu, m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Ife tinali ku Chibavi, kumunsi kwenikweni, kumene mvula ikagwa kwambiri umadzuka m'mawa n'kuyamba wayang'ana ngati khoma la bafa likadalipo. Ankandiyankhula m'zinenero zitatu. Akakondwa, Chitumbuka. Akafuna kuti ndimve bwinobwino, Chichewa chawo chokoka chija cha kumpoto. Koma akatembenukira ku Chingerezi, ndinkadziwa kuti nkhani yakambidwa kale kwina ndipo ine akungondiuza zimene agwirizana.

Ine kwathu ndi ku Balaka. Ndinabwera ku Mzuzu ndili mtsikana, kudzagwira ntchito pa kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope pafupi ndi depoti. Ndinafika ndi juzi imodzi yopyapyala, poganiza kuti kuzizira kumene anthu amanena n'kukokomeza chabe, ndipo mwezi wa Juni unandiphunzitsa ulemu. Amuna anga ndinakumana nawo pa shopu pomwepo. Ankagwira ntchito m'boma ku zaulimi. Mapepala oti akanatha kubweretsa tsiku limodzi ankawabweretsa limodzilimodzi, lero ili, mawa ilo, mpaka anzanga anayamba kundiseka kuti boma litha ndalama chifukwa cha ine. Anali munthu wofatsa, woseka ndi mapewa, wosadziwa kukana mlongo wake chilichonse.

Nkhani ya ukwati itafika, akwawo anatumiza thenga ku Balaka, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri. Kwathu n'kwa chikamwini. Mwamuna amabwera, amamanga, amalima, koma ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo mwini wawo ndi malume. Za ng'ombe sitizidziwa. Ndiye thenga uja atafunsa mwaulemu wonse kuti malowolo akhale ng'ombe zingati, amalume anga, munthu amene chibadwire sanawetepo ngakhale mbuzi, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anangotchula zimene zinawabwerera m'mutu. Alendowo sanatsutse. Anati poti ng'ombe sizingayende ulendo wonsewo, apereka mtengo wake, ndipo anaperekadi, atagwada, akuomba m'manja. Amayi anga zinawavuta mumtima, anati mwana wawo sagulitsa. Amalume anawayankha kuti, "Mlongo, ndani wagula munthu pano? Iyi ndi mphatso. Anthu akumpoto ndi aulemu, amathokoza ndi manja odzaza." Anakafoleretsa nyumba yawo ndi malata, ndipo chaka chimenecho ankayenda m'mudzi ngati munthu wochenjera.

Ine ndinkadziwa pang'ono tanthauzo la malowolo, poti ndinali nditakhalako ku Mzuzu, koma munthu ukakhala pa chikondi umaona ngati miyambo ndi ya anthu ena. Tinakwatirana, tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Kwawo kwa amuna anga ku Rumphi anandilandira bwino, ndisanamizire munthu. Mwanayo ankati ine amama, bambo ake adada, ndipo mlamu wanga ankawatchula kuti ankhazi, monga mwana aliyense wa kuno amatchulira mlongo wa bambo ake. Ndinazindikira mochedwa kuti dzina limenelo n'lolemera kuposa mmene limamvekera.

Mwana ali mu sitandade fili, bambo ake anayamba kutupa miyendo. Poyamba tinkati ndi shuga yomwe anali nayo kale. Kenako nsapato zinakana, nkhope inadzadza, ndipo adokotala anati ndi impso. Anasiya kupita kumunda ndi alimi, kenako anasiya ndi ku ofesi komwe. Ankakhala pa mpando m'chipinda chochezera atafunda bulangete, wailesi ili pa mwendo, akumvera mpira wa matimu amene sankawakonda n'komwe.

Ndi nthawi imeneyo pamene mlamu anayamba kubwera Loweruka lililonse masana. Ankatsika kabaza pamsewu, poti njira ya kwathu inali matope okhaokha, n'kumabwera ndi ambulera yawo yakuda ndi basiketi ya nthochi zophika ndi nyama. Ankalowa kaye kwa mlongo wawo, kuwagwira pamphumi, kupemphera nawo. Akatuluka ankaitana mwana pa khonde.

"Mulamu, Chingerezi cha mwana uyu chikundimvetsa chisoni chomene," anandiuza tsiku loyamba. "Sukulu za masiku ano n'zongolembetsa. Chingerezi ndi cha pakamwa. Mundibwereke Loweruka lililonse."

Ndinathokoza, ndipo ndinathokoza moona. Ndani angakane mphunzitsi waulere? Ine ndinkachapira kuseri kwa khonde, pa mwala, moti phunziro lonse ndinkalimva. Analibe buku kapena kope. Anali ndi rula yamtengo imene sankamenyera munthu, ankangogogoda nayo pa simenti. Iwo anene, mwana abwereze. Gogodo, "I eat." Gogodo, "You eat." Gogodo, "She eats." Ka s ka kumapetoko kankamuthawa mwana wanga nthawi zonse, ndipo ankhazi ake ankakatulutsa m'mano mokoka mpaka nkhuku za aneba kutembenuka.

Masabata oyambawo tinkaseka. M'Chichewa, ngakhale m'Chitumbuka, mwamuna ndi mkazi onse ndi iye, ndiye mwanayo ankangotola mawu amene ali pafupi. Tsiku lina analoza bambo ake pa zenera n'kunena mokweza kuti, "She is my father!" Bambo akewo anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Mwaona, amayi ake? Matenda andisandutsa mzimayi. Mundigulire chitenje." Mlamu okha ndi amene sanaseke. Anagogoda rula n'kunena kuti abwereze. Ankadananso ndi chizolowezi chathu chija chonena kuti "my mother she is cooking." Ankati mwini chiganizo amakhala mmodzi, usankhe, kaya "my mother" kaya "she", awiri sangakhale pa mpando umodzi.

Atadutsa pamenepo anafika pa timawu tosonyeza umwini, changa, chako, chake, chathu. Apa m'pamene manja anga anayamba kuima m'beseni. Ziganizo ankazipanga okha, ndipo sankazitola kutali. "My father is sick." Bambo anga akudwala. "My aunt loves me." Ankhazi anga amandikonda. "My aunt cooks my food." "My grandfather keeps our cattle." "Our home is in Rumphi." Kwathu ndi ku Rumphi. Mwana ankabwereza ndi mawu ake oonda aja, mokondwa, akugwedeza miyendo. M'ziganizo zonsezo munali abambo, ankhazi, agogo, ng'ombe, ngakhale galu wa ku Katawa. Ine munalibe.

Ndinadziuza kuti ndikuganiza kwambiri, kuti kutopa ndi kudwazika kukundionetsa mizukwa masana. Koma ndine munthu wosatha kusunga mawu m'mimba. Loweruka lina ndikuwaperekeza kumsewu, ndinanena mongoseka kuti, "Mulamu, kodi Chingerezi chimenechi amayi a munthu salowamo?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Phepani, mulamu. Sabata yamawa mulowamo."

Ndinalowamodi. Sabata yotsatira ndili pa mwala paja ndinamva rula ikugogoda. "My mother works in town." Amayi anga amagwira ntchito m'tauni. "My mother comes from Balaka." Kenako, pang'onopang'ono, kuti mwana amve kusiyana kwake: "Her home is in Balaka. My home is in Rumphi." Kwawo ndi ku Balaka, kwathu ndi ku Rumphi. Anamubwerezetsa mpaka anasiya kupunthwa. Sopo anandipulumuka m'manja n'kugwera m'matope, ndipo ndinakhala ndikumuyang'ana osamutola.

Tsiku limenelo sindinaseke powaperekeza. Ndinawauza kuti mwana kwawo ndi pamene pali amayi ake, ndipo kuti sindikufuna kumvanso ziganizo zoterozo pa khonde panga. Tinali titaima pa mlatho wa matabwa wa pa ngalande, kukuwaza kamvula kaja ka ku Mzuzu kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Anatsegula ambulera mosafulumira.

"It is only grammar, mulamu," anatero. Ndiye kuti ndi malamulo a chinenero chabe. Kenako anawonjezera, m'Chingerezi momwemo, kuti mwanayo ndi mwana wawo, kuti inenso ndine mkazi wawo, ndipo palibe amene akundithamangitsa. Anakwera kabaza n'kupita, msana uli chilili.

Palibe amene anali atanenapo za kundithamangitsa. Iwo ndi amene anayamba kulitchula liwulo.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wa ku Thyolo, wogulitsa tomato, wamasiye. Tinkagwirizana chifukwa tonse tinali akummwera, tinkasekera limodzi anthu a kuno akamati "yewo", zikomo wawo uja, ngakhale wawaponda phazi. Ndinkadziwa kuti ali ndi ana awiri kwinakwake ku Mzimba, koma ndinali ndisanamufunsepo chifukwa chake sakhala nawo. Madzulo a tsiku limenelo ndinamufunsa. Anapitiriza kusanja tomato wake m'milu, osandiyang'ana.

"Achemwali, salanda ayi," anatero. "Akanakhala kuti amalanda bwenzi munthu ukukuwa, anthu n'kubwera. Maliro akatha amangoti ana atsale kaye, atonthoze agogo awo. Iwe uli m'nsalu yakuda, mutu sukugwira, ungayankhe chiyani? Kenako amati adikire timange chiliza. Kenako sukulu yatsegulira, awalembetsa komweko, tisawasokoneze. Ukamadzazindikira, ukapitako akukupatsa mpando wa alendo."

Ndinati nanga makhoti alipo bwanji, malamulo amati mwana akhale pomwe pali pomukomera. Anaseka pang'ono. Anati anapitako. Anawo atafunsidwa anayankha okha kuti akufuna kukhala kwawo, ndipo ponena kuti kwawo sankanena za ku Thyolo. Anandiwonjezera tomato awiri pa mulu umene ndinagula, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Ndinaimbira amalume ku Balaka. Ndinawafotokozera zonse, kuti mphatso ija sinali mphatso, kuti kuno ng'ombe zikalowa m'khola la kuchikazi ana amakhala a kuchimuna, mwamuna akhale moyo kaya amwalire. Kumbuyo kwawo ndinkamva mbuzi za eni ake zikulira.

"Ng'ombe zake ziti?" anatero. "Ine ng'ombe sindinaione pano. Mwana ameneyo ndi mbumba yanga. Auze kuti mwini wake ndine."

Ndinawauza kuti mawu awo amathera pa Jenda, polowera kumpoto, kuti kuno malume ndi mlendo ngati wina aliyense. Ndinawafunsa ngati angathe kubweza zimene analandira. Anapsa mtima. "Ndizule malata? Mvula ikubwerayi?" Ndinadula foni ndisanawatukwane. Mpaka lero ndikaona denga limenelo mtima umandiwawa. Koma ndinene chilungamo: kwathunso si kwa angelo. Ndinaonapo ndi maso anga mkamwini akusudzulidwa mkazi wake atamwalira, akutuluka m'mudzi ndi bulangete ndi khasu, ana ake akumuyang'ana pa khomo la nyumba imene anamanga yekha. Nthawi imeneyo sindinaone cholakwika. Ndinkati ndi mwambo.

Amuna anga ndinawauza pomaliza, chifukwa ndinkawamvera chisoni. Anandimvetsera maso ali pansi, akusisita bondo lotupa. Anati ndisadandaule, ayankhula nawo adumbu awo, ndiye kuti mlongo wawo. Loweruka linafika, mlamu analowa, anawagwira pamphumi, anapemphera, anatuluka. Rula inayamba kugogoda. Amuna anga sanayankhule nawo. Munthu amene analeredwa ndi mlongo wake, amene fizi yake ya sukulu inachokera m'malipiro a mlongo wakeyo, angayambire pati? Ndinawakwiyira masiku angapo, ndikuwapatsa phala osawayang'ana kumaso, kenako mkwiyo unatha wokha chifukwa munthuyo ankachepa ndikumuona.

Ndikanatha kuletsa maphunzirowo. Ndinayesa kamodzi, ndinamutenga mwana kupita naye kushopu. Analira tsiku lonse. Ankawakonda ankhazi ake, ndipo n'chifukwa chiyani asawakonde? Ankamubweretsera masikono, ankamuluka tsitsi, ankamuuza kuti ndi wanzeru kuposa ana onse amene anaphunzitsapo. Kusukulu anayamba kukhoza Chingerezi mpaka aphunzitsi ake anandiimitsa pamsewu kundiyamikira. Ndinamwetulira n'kunena kuti yewo.

Kenako amuna anga anagonekedwa m'chipatala. Aliyense amene anadwazikapo akudziwa kuti wodwala popanda gadiyani ndi wakufa kale. Umafunika kumuphikira, kumusambitsa, kumutembenuza, kuthamangira anamwino drip ikatha. Ndinapempha tchuthi kushopu n'kusamukira kuchipatala ndi mbaula, mapoto ndi mkeka. Mwana sakanatsala yekha ku Chibavi. Mlamu sanachite kupempha. Anabwera ndi galimoto ya mnzawo wa kutchalitchi, analongedza yunifolomu, nsapato ndi bulangete la mwana, nati, "Imwe samalani mulwali, mwana musamuganizire." Anthu onse m'wodi ankandiuza kuti ndili ndi mwayi, alamu otere ndi osowa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali pakati pa mapanga awiriwo, kuchipatala ndi ku Katawa.

Tsopano phunziro silinalinso la Loweruka lokha. Linali la tsiku lililonse, patebulo la ku Katawa, kumene ine kunalibe mwala wochapira woti ndizimvetsera.

Lamulungu lina masana, nthawi yoona odwala, anabwera naye. Anamuveka diresi yatsopano ya buluu ndi masokosi oyera. Mwana anagwada pafupi ndi bedi, napereka moni wa Chitumbuka bwinobwino, "Monire adada, mwatandala uli?" Kenako ankhazi ake anati, "Sono awonetse adada ŵako zimene waphunzira. Tafika pa future tense." Anatembenukira kwa ine n'kundimasulira ngati sindinapite kusukulu, kuti ndi zonena za m'tsogolo.

Mwana anaima chilili, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. M'wodi munali fungo la mankhwala opopera pansi ndi la nsomba za magadiyani. Odwala a mabedi oyandikana anatembenuka kuti amve.

"I will pass my exams," anayamba. "I will go to a good school. I will live with my aunt. We shall keep our home clean. My mother will visit me. She will bring me sweets."

Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Bambo wina wa pa bedi la pafupi anaomba m'manja, ena anatsatira. Mwana wanga anandiyang'ana akumwetulira, kudikira kuti ndimuyamikire. Sankadziwa chimene wanena. Kwa iye anali mawu oti awatchule bwino basi. Anali atangouza wodi yonse kuti adzakhala ndi ankhazi ake, ndipo amayi ake azidzabwera kudzamuona atanyamula maswiti. M'tsogolo monsemo bambo ake munalibe.

Ndinayang'ana amuna anga. Anali akuyang'ana mlongo wawo, ndipo mlongo wawoyo anali akukonza kolala ya mwana. Kenako anatambasula dzanja lawo lotupa lija n'kugwira mwana pamutu. "Very good, mama," anatero. "Very good."

Belu litalira alendo anatuluka. Ine ndinatola mbale kuti ndikatsuke, koma anandigwira chitenje.

"Amayi ake, khalani pansi."

Ndinakhala pa mkeka, mutu wanga uli pafupi ndi wawo.

"Mawa m'mawa mukamutenge kusukulu. Musapite ku Katawa, musapite ku Chibavi. Mukakwere basi."

Ndinawafunsa ngati mutu ukuwayenda bwino. Anati sunawayendepo bwino chonchi chiyambire kudwala. Ankayankhula motsitsa, akupuma pakati pa mawu. Anati adokotala akamadutsa pa bedi lawo sayimanso nthawi yaitali, ndipo iwo si mwana. Anati akangotseka maso, mawu awo atha. Mtembo udzapita ku Rumphi, ine ndidzakhala m'nyumba ya maliro nditafunda nsalu kumutu pakati pa azimayi, ndipo mwana adzakhala pa mwendo pa ankhazi ake. Kuchokera pamenepo sadzatsikanso.

"Ndiye muwauze lero, inu muli moyo," ndinatero. "Itanani abale anu muwauze."

"Adzavomera," anatero. "Adzati enya, enya, kuti ndife bwino. Wakufa satsata mlandu."

"Nanga inu akusamalani ndani?"

"Adumbu ŵane alipo. Amandikonda. Vuto lawo ndi lomwelo, akakonda chinthu sachisiya." Anayesa kuseka ndi mapewa monga kale, koma mapewawo sanakwere. "Anthu adzakunenani, amayi ake. Adzati munathawa mwamuna ali pa bedi. Ine sindidzakhalapo kuti ndikuikireni kumbuyo. Mukhoza kusenza zimenezo?"

Ndinalira, ndinakana, ndinawauza kuti ndinalumbira m'tchalitchi pamaso pa anthu. Ndinawauza kuti ndi amantha, kuti akundisenzetsa ine katundu amene iwo analephera kumunyamula pa khonde paja. Sanatsutse. Anangoti, "Nadi," kuvomereza kuti n'zoona. Kenako anati kusankha n'kwanga, koma ngati ndikufuna kukhala ndi onse awiri, ndidzatsala wopanda aliyense.

M'mawa mwake ndinachita zonse monga mwa masiku onse. Ndinakoleza mbaula kukhitchini ya magadiyani, ndinaphika phala n'kulithira m'fulasiki, ndinatenthetsa madzi. Ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta m'miyendo, ndinawaveka malaya oyera. Anati phala adya nthawi ina, pakamwa sipakufuna. Mapoto, mbaula ndi mkeka ndinazisiya pansi pa bedi kuti aliyense aziona ngati ndangopita kumsika. Sitinatsanzikane, poti bambo wa pa bedi la pafupi anali maso. Ndinangoti, "Ndikubwera." Iwo anati, "Yendani makora."

Kunja kunali nkhungu yoti munthu wa patsogolo pako umangomumva mapazi. Kusukulu ndinafika ana ali pa buleki. Ndinauza aphunzitsi kuti mwana akufunika kuchipatala, ndipo poti ankadziwa za matendawo anandimvera chisoni n'kumuitana msanga. Tinakwera kabaza mmodzi, mwana pakati, chikwama chake cha mabuku chikundibaya pamimba. Njira yonse ndinkaona ambulera yakuda paliponse. Mzimayi aliyense wa magalasi anali iwowo. Pa depoti ndinazungulira kuseri kuti anzanga a kushopu asandione, ndinafunda chitenje kumutu ngati wakuba, ine mayi wotenga mwana wobereka ndekha. Basi ya ku Lilongwe inachedwa kudzadza. Kondakitala ankangoti watsala mmodzi, watsala mmodzi, ndipo ndinkafuna kumulipira mipando yonse kuti tinyamuke.

Mwana anandifunsa ngati holide yayamba. Ndinati tikukaona agogo a ku Balaka. Anafunsa ngati ankhazi akudziwa, poti madzulo ali ndi phunziro. Ndinati akudziwa.

Basi inatuluka mu Mzuzu n'kuyamba kukwera mapiri a ku Chikangawa, kudutsa m'zitsa za paini ndi nkhungu. Cha m'ma 12, nthawi imene mlamu ankafika kuchipatala, foni inayamba kunjenjemera m'chikwama changa. Inasiya, inayambanso, inasiya, inayambanso. Sindinaigwire. Mwana anati ali ndi njala, ndipo ndinamuuza kuti ayang'ane m'chikwamamo, mwina muli sikono. Anapisa dzanja n'kutulutsa fulasiki.

"Amama, phala la adada."

Ndinali nditalinyamula osadziwa, ndi dzanja lozolowera. Linali likadali lotentha. Mwana analikumbatira pa chifuwa n'kundiuza kuti tiuze adalaivala abwerere, adada sanadye. Ndinati ankhazi awaphikira lina. Anati ankhazi sadziwa, amathira shuga. Anakana kulidya, anakananso kundipatsa, ndipo analigwira choncho mpaka ku Balaka.

Bambo ake anamwalira sabata imeneyo isanathe. Uthenga unandipeza kudzera kwa mayi wa tomato uja, chifukwa akuchimuna palibe amene anandiimbira. Zimene ananena amuna anga zinachitikadi: ku Mzuzu ndine mkazi amene anathawa mwamuna ali pa bedi, ndipo amene akanandiikira kumbuyo anapita ndi mawu ake. Atati andibwezere pa m'mawa uja ndikanakweranso basi yomweyo. Mwana ndili naye, akugona m'chipinda chinachi, wakula mpaka kundipitirira msinkhu. Manda a bambo ake sindinawaonepo.